Laputopu ikuzima yokha, ikuchedwa, gemu siikutseguka: onani izi kaye musanafomate

Chaka chilichonse ikangofika Okutobala pano pa Ngabu ndimadziwiratu kuti ayamba kubwera. Wina wachokera ku Nchalo, wina ku Bangula, wina wawoloka Shire kuchokera ku East Bank laputopu ili mu jumbo, ndipo onsewo mawu awo ndi amodzi, "achimwene ingondifomatirani, Windows yake yatopa." Ine si injiniya ayi, ndimangokonzako makompyuta madzulo ndikaweruka kuntchito, koma ndafomata, kutanthauza kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano, malaputopu okwanira moti ndikhoza kukuuzani kuti ambiri mwa iwo sankafunika kufomatidwa n'komwe. Munthu umataya zithunzi za ukwati, masikimu a kusukulu, umalipira ndalama, pakatha sabata ziwiri vuto lija labwerera chifukwa silinali mu Windows, linali mu fumbi, mu kutentha kapena mu chaja. Zili ngati kumwa panado pamene ukudwala malungo. Ndiye ndatopa kubwereza zomwezomwezi, ndangoti ndilembe. Pezani chimene makina anu akuchita, yambani ndi nambala 1 poti ndi chimene chimachitika kwambiri kuno, muzitsika choncho.

IKUZIMA YOKHA PAKATI PA GEMU KAPENA FILIMU

Ili ndiye vuto lathu la kuno kuchigwa. Mukusewera bwinobwino, fani ikulira ngati chigayo, pansi pa laputopu pakuotcha ntchafu, kenako phethi, sikirini yada, osatsanzika. Sikuti yawonongeka, ikudziteteza. Purosesa, ubongo wa kompyuta, ikamayandikira madigiri 100 imayamba yadzichedwetsa yokha, ikaona kuti sizikuthandiza imazimitsa makina onse kuti isapse. Ndipo dziwani kuti makampani ambiri opanga malaputopu amalemba kuti azigwiritsidwa ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Tsono ife kuno Okutobala ndi Novembala timadutsa 40, m'nyumba ya malata opanda siling'i masana ndiye musanene. Makinawa anawapangira malo ozizira, si kuno.

Zoyambitsa zake:

1. Fumbi latseka potulukira mpweya.
2. Malo amene mwaikhazika, pa matiresi, pa bulangete, pa pilo, pantchafu.
3. Phala la pa purosesa lija amati thermal paste lauma.
4. Fani yafa kapena ikuzungulira movutikira.
5. Batire yatha mphamvu ndiye magetsi akangophethira nayo imazima.

Choyamba ikani dzanja pambali pamene pamatulukira mpweya wotentha. Ngati fani ikumveka kulira koma mpweya ukutuluka pang'ono ngati munthu akupuma ali mtulo, ndi fumbi limenelo. Ndinatsegulapo HP ina ya aphunzitsi ena a ku Nchalo, pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsa kutentha tija panali chinthu chonga kachidutswa ka bulangete, chakuda bii, ndinachikoka ndi kansingano chonse chinatuluka chathunthu osaduka. Linali fumbi losakanikirana ndi phulusa lija limagwa akamaotcha minda ya nzimbe. Iwo anali atafomatitsa kawiri kwa anthu awiri osiyana.

Chochita: zimitsani, chotsani chaja, ndipo ngati batire ndi yochotseka ichotseni. Tengani pampu ya njinga mupope mpweya kudzera potulukira paja, pang'onopang'ono. Musanapope lowetsani kamtengo kotokosera m'mano kagwire fani kuti isazungulire mothamanga, imatha kuwonongeka. Osauzira ndi pakamwa, malovu amalowa. Ngati chivundikiro cha pansi chimatseguka ndi masikulu ochepa, ngati ma Dell Latitude ndi ma EliteBook ambiri akale, tsegulani mupukute ndi mswachi wouma wakale.

Za malo, ikani pathebulo louma ndipo kwezani kumbuyo kwake ndi zitsekerero za mabotolo ziwiri kapena zinayi kuti mpweya uzidutsa pansi. Zikuoneka zachibwana koma zimagwira ntchito. Pa matiresi ayi ndithu, siponji imatseka timabowo tonse. Ndipo osaiika mu firiji kuti izizire, ndinamvapo wina akulangiza anzake zimenezi, ikatuluka imachita thukuta mkati, madziwo ndi amene amapsereza bodi, chimbale chachikulu cha mkati pamene zida zonse zimalumikizana.

Kuti musamangoganizira, ikani kapulogalamu kakang'ono kaulere kotchedwa Core Temp kapena HWMonitor. Ngati simukupanga chilichonse koma ikuwerenga 70 kupita m'mwamba, kapena gemu ikangoyamba yafika kale 90 ndi chakuti, ndiye kuti mkatimo muli vuto. Pali kanjira kena kamene ndimakonda kwambiri nthawi yotentha: pitani ku Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, Processor power management, pa Maximum processor state sinthani 100 ikhale 99. Pa makina ambiri a Intel kasinthidwe kameneka kamaletsa purosesa kudumphira pa liwiro lake lapamwamba lija, kutentha kumatsika ndithu, ndipo pa Word, filimu kapena Zuma simuona kusiyana kulikonse.

Mukapukuta fumbi koma ikutenthabe, ndi thermal paste. Laputopu ya kaunjika yomwe yatha zaka zisanu ndi kuposera, phala lija limakhala litauma ngati dothi la m'dambo mu Okutobala. Kusintha kwake kumafuna kumasula chitsulo cha pa purosesa, ngati simunapangepo perekani kwa mmisiri. Ndipo chonde, Colgate si thermal paste. Ndinaipezapo mkati mwa Toshiba ina, itauma mbuu.

Ma HP akamayaka n'kulemba uthenga wokhala ndi 90B, akukuuzani kuti fani siikuzungulira bwino. Osangodina Enter n'kupitiriza tsiku ndi tsiku, fani ndi yotsika mtengo kuposa bodi.

IKUCHEDWA, IKUHANG'A, KUYAKA KOKHA MPAKA MUTHA KUPHIKA TIYI

Apa ndi pamene anthu amanamizira Windows kwambiri. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager itseguka, muone mizere itatu, CPU, Memory ndi Disk. Umene uli pa 90 kapena 100 nthawi zonse ndi umene uli ndi mlandu.

1. Disk ili pa 100. Muli ndi hadi disiki yakale yozungulira ija ndipo Windows 10 imaizunza kwambiri. Mankhwala ake enieni ndi kuika SSD, disiki yamakono yothamanga yopanda chozungulira mkati. Ndikunena pano, palibe ndalama imene mungaononge pa laputopu yakale yomwe ingakubwezereni ngati ya SSD, makina oyaka mphindi zisanu amayamba kuyaka musanakhale n'komwe pampando. Ya 128GB kapena 256GB ikwana, hadi disiki yakaleyo muiike mu kesi muzisungiramo mafilimu.
2. Memory yadzadza. Memory imeneyi ndi ija amati RAM, ndipo RAM ya 4GB ndi Chrome yotsegula masamba khumi sizigwirizana. Tsekani masamba, kapena onjezani ifike 8GB ngati muli malo. Pogula tengani laputopuyo, poti RAM ili ya mitundumitundu, DDR3 ndi DDR4 sizilowana, ndipo makina ena ofuna DDR3L sagwira ndi DDR3.
3. Zoyamba zokha makina akamayaka zachuluka. Mu Task Manager momwemo pitani pa Startup muzimitse zonse zimene simukuzidziwa ntchito yake, ma Skype, ma uTorrent, zotsatsa malonda zija zimabwera ndi mapulogalamu ena.
4. Ma antivairasi awiri kapena atatu akumenyana. Wina amakuikirani Avast, wina Smadav, wina yakenso, zonse zosapanga apudeti chiikireni. Chotsani. Pa Windows 10 ndi 11 ija yobwera kale mkati, Windows Security, ndi yokwanira bola izilandira ma apudeti.
5. Kutentha komwe kuja. Laputopu yotentha imadzichedwetsa dala, ndiye ngati m'mawa imathamanga koma cha m'ma 2 koloko masana ikukwawa, bwererani pamwambapo.
6. Chaja yabodza. Ichi anthu sachidziwa. Ma Dell amafuna kuizindikira chaja yake kudzera pa kawaya kakang'ono ka pakati pa pini, ikalephera imalemba kuti AC adapter type cannot be determined, batire siichajidwa ndipo purosesa imatsitsidwa liwiro kwambiri. Mukhoza kufomata kakhumi, siisintha.
7. Hadi disiki ikufa. Ikani CrystalDiskInfo. Ikalemba Good zili bwino, ikalemba Caution yachikasu kapena Bad yofiira, kopani mafayilo anu lero lomwe, osati mawa.

Nambala 7 imeneyo musaiderere. Mukamva kaphokoso koti tiki tiki tiki mkati, zimitsani, musayeseyese kuiyatsa, kuyatsa kulikonse kukuonjezera kukalika kwa disiki.

SIIKUYAKA N'KOMWE, KAPENA SIIKUCHAJA

Magetsi athu mukuwadziwa. Kuyambira pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, anthu ambiri kuno anagula sola, mainivata ndi majenereta ang'onoang'ono, ndipo machaja ambiri afera pa zimenezi.

1. Chaja kapena waya wake. Onani ngati kanyali ka pa chaja kapena pa laputopu kakuyaka. Gwedezani waya pafupi ndi pini, ngati kanyali kakuphethira ndiye kuti waduka mkati. Onaninso waya wopita kukhoma ndi fyuzi ya mu pulagi, makoswe nawo amakonda mawaya amenewa. Bwerekani chaja ya mnzanu yofanana muyese, koma werengani mavoti: ma HP ndi Dell ambiri ndi 19.5V, Lenovo ndi 20V, zalembedwa pansi pa laputopu kapena kuseri kwa batire. Kulowa kwa pini sikutanthauza kuti ndi yake.
2. Magetsi otsalira pa bodi. Chotsani chaja ndi batire, dinani batani loyatsira osasiya kwa masekondi 30, bwezerani chaja yokha muyatse. Kangapo konse anthu akwera minibasi kuchokera ku Nsanje kudzangoona ine ndikupanga zimenezi basi, laputopu n'kuyaka.
3. Batire yatha. Tsegulani Command Prompt, kawindo kakuda kolembamo malamulo, mulembe powercfg /batteryreport, ikupatsani fayilo, muyerekeze Design capacity ndi Full charge capacity. Ngati yachiwiriyo siikufika ngakhale theka la yoyamba, batireyo yakalamba. Kutentha kumapha mabatire msanga, ndiye osaisiya m'galimoto kapena pawindo padzuwa.
4. Polowetsera chaja pagwedera. Izi ndi za mmisiri wodziwa kuwotcherera.
5. Bodi yapsa, makamaka ngati zinachitika magetsi atabwera mwamphamvu kapena kutagunda mphenzi.

Lamulo langa kunyumba ndi lakuti magetsi akathima timazula zonse kukhoma, akabwera timadikira kaye mphindi zingapo. Pa jenereta, iyatseni ikhazikike kenako ndiye mulumikize laputopu, ndipo zulani musanaizimitse. Chaja ikamalira kuti ziii pa inivata kapena mausi ya pa laputopu ikamadumphadumpha yokha mukalumikiza, inivatayo ndi yotchipa ija yotulutsa magetsi osasalala, chaja siikhalitsa pamenepo. Amene muli ndi desikitopu, kuthimathima kwa magetsi kumapha hadi disiki ndi kusokoneza Windows, UPS, bokosi la batire losunga kompyuta ili yoyaka magetsi akathima, si yodzionetsera ayi.

IKUYAKA KOMA SIIFIKA PA WINDOWS

- Ikalemba No bootable device, kapena pa HP Boot device not found ndi 3F0: zulani mafulashi onse muyesenso. Ikapitiriza, lowani mu BIOS, tsamba la makonzedwe lotseguka mukadina batani makina akungoyaka, pa HP ndi F10, pa Dell F2, pa ThinkPad F1, muone ngati disiki ikuoneka. Pena imangokhala yasuntha chifukwa cha mabampu a pa kabaza, kuichotsa n'kuibwezera kumathandiza. Ngati siikuonekabe, yafa.
- Fani ikuzungulira, nyali zikuyaka, sikirini ili bii: chotsani RAM, pukutani timano take tagolide ndi labala ya pensulo, bwezerani mpaka ilire kuti thapu. Ikakana, lumikizani ku TV ndi waya wa HDMI, chithunzi chikaoneka pa TV vuto ndi sikirini.
- Sikirini ya buluu yobwerabwera: jambulani ndi foni mawu a pansi aja. MEMORY_MANAGEMENT kawirikawiri ndi RAM, yesani polemba mdsched pa Start. Mmisiri mukamuonetsa chithunzicho mwamuchepetsera ntchito.
- Preparing Automatic Repair yosatha magetsi atathima pakati pa apudeti: apa ndiye kufomata kukhoza kufunikadi, koma muuzeni mmisiri akope kaye mafayilo anu, n'zotheka ngakhale Windows isakuyaka.

GEMU SIIKUTSEGUKA KAPENA IKUDUKADUKA

Ndiyambe ndi maganizo anga, amene akwiye akwiye. Achinyamata amabwera ndi Core i3 ya 4GB yopanda khadi la zithunzi lapadera, akufuna GTA V ndi FIFA yatsopano, ndikawauza kuti siingathe amati ine ndiye sindidziwa kuinstola. Makina amenewa amasangalala ndi magemu a msinkhu wake. GTA San Andreas ya 2004, Need for Speed Most Wanted ya 2005, ma PES akale, izi zimayenda. Ndipo magemu ang'onoang'ono aja amawanyoza kuti ndi a azimayi ndi ana, Zuma ya 2003, Plants vs. Zombies ya 2009, Solitaire yomwe yakhala mu Windows kuyambira 1990, kwa ine ndi amene akuyenera nyengo yathu. Satenthetsa makina, safuna intaneti, batire imakhalitsa, magetsi akathima pakati sunataye kanthu. Mayi anga aang'ono amene sadziwa kutsegula imelo anaphunzira kugwira mausi chifukwa cha Zuma, pano kachule kaja akamalavula mipira simungawalankhule, ndiwo mpaka zinapserera tsiku lina. Zili ngati bawo pansi pa mtengo, umasewera kuti nthawi ipite, osati kuti ukhale katswiri wa dziko lonse. Chimene chimandinyansa ndi Solitaire ya mu Windows 10 ndi 11, anaiika zotsatsa malonda, gemu ya makadi yeniyeni mpaka kumafuna bandulo. Ya Windows 7 inali yaulemu.

Tsono zoyambitsa:

1. Mafayilo othandizira akusowa. Ikalemba kuti d3dx9_43.dll is missing kapena dzina lina loyamba ndi d3dx9, ikani DirectX End-User Runtime ya Microsoft. Ikatchula MSVCP kapena VCRUNTIME, ndi Visual C++ Redistributable, ikani ya x86 ndi x64 zonse. Osakatenga ka dll kamodzikamodzi pa masamba achilendo, umo ndi mmene mavairasi amalowera.
2. DirectPlay ndi yozimitsa. Vice City ndi San Andreas pa Windows 10 zimaifuna. Control Panel, Programs, Turn Windows features on or off, Legacy Components, chongani DirectPlay.
3. Gemu ndi yakale kuposa Windows yanu. Dinani kumanja pa gemuyo, Properties, Compatibility, sankhani Windows XP kapena Windows 7, chonganinso Run as administrator.
4. Dalaivala wa zithunzi, kapulogalamu koyendetsa khadi la zithunzi, palibe. Anthu ambiri ofomata amathamanga, sakuikirani. Mu Device Manager pansi pa Display adapters mukaona Microsoft Basic Display Adapter, ndiye kuti palibe, ngakhale Zuma idukaduka. Katengeni pa tsamba la kampani ya laputopu yanu.
5. Munakopa shotikati yokha. Musaseke, zimachitika sabata iliyonse, munthu wakopa kachithunzi ka pa desikitopu ya mnzake ka 2KB akuti watenga gemu.
6. Antivairasi yadya fayilo ina ya gemuyo. Izi zimachitika ndi magemu okopa aja oswedwa. Pena imakhala yalakwitsa, koma pena imakhala ikunena zoona, ndipo amene amakuuzani kuti muzimitse antivairasi kuti gemu ilowe sadzakhalapo tsiku limene akaunti yanu ya Facebook yabedwa.
7. Ikuyenda bwino mphindi khumi zoyamba kenako n'kuyamba kudukaduka: kutentha. Komanso sewerani chaja ili yolumikiza, pa batire makina amadzichepetsa mphamvu.

MAFAYILO A MU FULASHI ASANDUKA MASHOTIKATI

Mwapita ndi fulashi kokopetsa nyimbo pamsika kapena kokapulintitsa, pobwera mafoda onse ali ndi kamuvi. Mafayilo anu sanafufutike, angobisidwa. Osadina mashotikatiwo, kudinako ndi kumene kumalowetsa vairasi mu kompyuta.

- Sikanani fulashiyo ndi Windows Security.
- Tsegulani Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* koma pa E muike chilembo cha fulashi yanu.
- Mafoda enieni aonekera, akopereni kwina, fufutani mashotikati, kenako fomatani fulashiyo, osati laputopu.
- Zikabwereranso pa fulashi iliyonse imene mwalowetsa, ndiye kuti vairasi yakhazikika mu kompyuta mwenimwenimo, pangani Microsoft Defender Offline scan.

Ine ndili ndi fulashi imodzi yoyenda nayo kunja, imeneyo simukhala chilichonse chofunika.

BANDULO IKUTHA MUSANAPANGE KANTHU

Mwalumikiza hotisipoti ya foni, 1GB yapita mphindi makumi awiri. Ndi Windows Update, OneDrive ndi Microsoft Store zikudya mwakachetechete. Pitani ku Settings, Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotisipoti yanu, yatsani Metered connection. Koma musakhale chaka chonse osapanga apudeti, mukapeza Wi-Fi yabwino kapena bandulo yausiku ilekeni imalize, chaja ili yolumikiza.

Kena kakang'ono kofanana nako: intaneti ilipo koma masamba onse akukana, Chrome ikuti Your clock is behind. Onani deti pakona. Ngati nthawi zonse mukayatsa ikubwerera zaka zakale, kabatire kozungulira ka pa bodi katha, pa madesikitopu ndi CR2032 yomwe ija ya m'masikelo ndi m'marimoti ena, pa malaputopu ena kamakhala kokutidwa kokhala ndi kawaya.

NDIYE NDIIKE WINDOWS ITI?

Funso ili limabwera ngakhale makina alibe vuto, munthu wangoona Windows 11 kwa mnzake yamusangalatsa. Windows 11 imafuna kachida ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo ngati purosesa ndi ya Intel ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, malaputopu ambiri amene tikugula kuno ndi a m'badwo wa 3, 4, 6. Onani nambala, i5-4300U ndi wa 4, i5-8250U ndi wa 8. Inde anyamata amaikakamiza kulowa, imalowadi, koma walira mvula walira matope, pa 4GB ndi hadi disiki yakale mudzakhala mukuyang'ana kamkombero kakuzungulira, ndipo Microsoft siilonjeza kuti makina otere azilandira ma apudeti.

Windows 7 ndimaikonda, sindibisa, ndi yopepuka ndipo magemu akale onse amayenda popanda kunyengerera. Koma Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020, Chrome nayo inaima pa 109. Ngati kompyuta ndi yongoonera mafilimu, kulemba ndi kusewera Zuma, yosalowa pa intaneti, isiyeni ilibe mlandu. Koma ya banki ndi imelo ya kuntchito ayi. Windows 10 nayo nthawi yake inatha pa 14 Okutobala 2025, ikugwirabe ntchito, siizima, kungoti zigamba zotseka mabowo a chitetezo sizibweranso mwa nthawi zonse, ndiye chenjerani ndi zimene mukutsegula.

Pa makina akale ine ndimaika Linux Mint m'malo mwa Windows, ija ya mtundu wa Xfce. Ndi yaulere, siifunsa za laisensi, imayenda ngakhale pa 2GB, koma pa 4GB ndiye bwino, imabwera ndi Firefox ndi LibreOffice, ndipo vairasi ya mashotikati ija siigwira ntchito mmenemo. Koma ndisakunamizeni, si ya aliyense. Ndinawaikira mlamu anga, patatha masiku atatu anabwera nayo nkhope ili gwaa, akuti Publisher ili kuti, ndimapangira makadi a ukwati. Ndinabwezera Windows. Ngati ntchito yanu ndi Publisher, CorelDRAW, Photoshop, kapena pulintala yanu ndi yovuta madalaivala, khalani pa Windows. Magemu ang'onoang'ono ena a Windows amayenda pa Linux kudzera pa kapulogalamu kotchedwa Wine koma ena amakana. Ubwino wake mukhoza kuiyesa kuchokera pa fulashi osafufuta kanthu, mukaona kuti Wi-Fi ndi mawu zikugwira ndiye muganize.

APA LEKANI, PITANI KWA MMISIRI

- Batire yatupa. Muona mausi ya pa laputopu yatukuka, kiyibodi yapindika kapena chivundikiro cha pansi chikutseguka chokha. Zulani chaja, osaibaya, osaipanikiza, osagona nayo kuchipinda, osaitaya pamoto wa zinyalala. Imayaka moto woopsa.
- Fungo la kupsa, utsi, kapena chaja yotentha yosagwirika.
- Ikukugwirani shoko pa chitsulo chake. Apa muitanenso wa zamagetsi aone waya wa m'nyumba.
- Yalowa madzi, kaya tiyi, kaya denga ladontha, kaya madzi osefukira ngati a Freddy mu Malichi 2023. Osaiyatsa kuti muone ngati ikugwira, ndi pamene imafera. Chotsani batire, itembenuzeni, ipititseni ikatsukidwe mkati. Kuikwirira mu mpunga sikuchotsa matope pa bodi, mpungawo phikani.
- Nyerere zikutuluka mu kiyibodi kapena mphemvu zamanga mkati. Osapopera mankhwala a tizilombo mmenemo, ikatsegulidwe.
- Hadi disiki ikulira ndipo muli zinthu zimene mulibe kwina.
- Mahinji alimba, pulasitiki ikung'ambika mukamatsegula. Mukaumiriza muthyola sikirini.
- Bokosi la magetsi la mu desikitopu, chaja, UPS ndi inivata, izi osatsegula ngakhale zili zozula, zimasunga magetsi mkati.

Za bodi ndi kuwotcherera ine sindigwira, ndimawauza anthu akwere Thabwa apite ku Blantyre kapena ku Limbe kumene kuli zida zake. Musanaipereke kwa aliyense, kopani mafayilo anu ngati ikuyakabe, tulukani mu WhatsApp ndi Facebook za pa kompyutapo, jambulani tsamba la System loonetsa RAM ndi purosesa komanso kukula kwa disiki, kuti pobwera muone ngati zonse zilimo mmene zinalili. Nenani momveka kuti asafomate asanakuimbireni. Tengani ndi chaja yake yomwe, poti nthawi zina wodwala ndi iyeyo. Ndipo mu minibasi ikhale yozimitsiratu osati yongotseka chivundikiro, muikulunge ndi chitenje, muinyamule pamiyendo, isapite kubuti pamodzi ndi matumba a chimanga ndi mabasiketi a nsomba.